Alice Neel ndi anthu ake: kujambula munthu mmene alili n'kumulemekeza kapena n'kumuvula?

Jambulani wa ku Bangwe:
Anzanga a pagulu lino, ndaika zithunzi zitatu pamwambapa. Zonse ndi ntchito za mayi mmodzi wa ku America, Alice Neel: choyamba ndi cha mnyamata wachikuda wogwira chibwano, chachiwiri cha mwamuna wovula malaya, chachitatu ndi mayiwo atadzijambula okha. Anabadwa mu 1900 ku Pennsylvania, anamwalira mu 1984 ku New York, ndipo moyo wawo wonse ankajambula anthu ndi penti wa mafuta, munthuyo atakhala pampando patsogolo pawo.

Yambani mwayang'ana chachiwiricho. Ameneyo ndi wojambula mnzawo Andy Warhol mu 1970, pa nthawi imene dzina lake linali pakamwa pa aliyense ku New York. Wavula malaya, watsinzina, manja wapinda pamiyendo. Pamimba pali zipsera za mosoka madokotala, poti anamuwombera ndi mfuti mu 1968, ndipo m'chiuno wamanga lamba wa kuchipatala wogwira mimba. Chifuwa chafota. Koma taonani nsapato, zopolishidwa bwinobwino, zikuchita kung'anima.

Ntchito yanga mukuidziwa. Kasitomala amatumiza chithunzi pa WhatsApp n'kunena kuti timizere ta pamphumipa muchotse, khungu muliwalitseko, mimbayi muibweze pang'ono. Ndimachita, chifukwa ya ufa ndi ya lendi imachokera pamenepo. Koma chionereni ntchito za mayiwa mtima wanga sukukhala pansi. Inuyo mungalole kujambulidwa chonchi? Kumeneku n'kumupatsa ulemu munthu, kapena n'kumuvula pagulu?

Abambo Mbewe:
Achimwene Jambulani, luso lilipo, zimenezo sindingakane. Cha Warhol chandimvetsa chisoni ndithu. Koma chachitatucho chandivuta. Mayi wa zaka 80 kudzijambula ali chibadwire, n'kulola kuti chikapachikidwe poonekera? Ine ndaphunzitsa ana mpaka kupuma ntchito, ndipo tinkawauza kuti thupi la munthu wamkulu lili ndi ulemu wake. Zidzukulu zawo zinkayang'ana kuti?

Nachisale ku Maryland:
Abambo Mbewe, ndikumva kumene mukuchokera, nanenso ndinaleredwa chomwecho. Koma chithunzi chimenechi ndinachiona ndi maso ku National Portrait Gallery ku Washington, ndipo pafoni chimataya zambiri.

Akhala pampando wa mizere ya buluu ndi yoyera. Tsitsi lili mbuu, lomangidwa pamwamba. Magalasi sanavule. Dzanja lina lagwira burashi, lina kansanza kopukutira penti. Masaya ali psuu. Mabere atsika mpaka pamimba, mimba yakhala pantchafu, mapazi ndi a munthu amene wayenda zaka zambiri. Ndiye nsidze imodzi yakwera, diso lili pa iwe, ngati akukuyeza kuti akuyambire pati. Mulibe chilichonse chokopa mwamuna m'chithunzi chimenechi. Ndi munthu amene ali pa ntchito yake.

Ine kuno ndimasamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwatembenuza pabedi. Thupi limenelo ndimalidziwa, ndimaligwira m'mawa uliwonse. Koma ndinali ndisanalionepo litapachikidwa pakhoma, m'nyumba yomweyo imene muli zithunzi za mapulezidenti a dziko lino. Ndinaima pamenepo misozi ili lengelenge.

China n'chakuti mayiwa anakhala akuvula anthu ena kwa zaka zambirimbiri, amuna ndi akazi omwe. Pamapeto anadzikhazika okha pampando womwewo umene ankakhazikapo anzawo. Ndipo sizinali zophweka kwa iwo. Anachiyamba mu 1975, anachisiya, anadzachimaliza mu 1980.

Abambo Mbewe:
Zoti anadziika pa muyeso womwewo umene ankayezera anzawo, imeneyo ndaimva, mayi Nachisale. Komabe m'chipinda changa chochezera sichingalowe.

Wachanco:
Madala, ngakhale kwawo komweko anthu ambiri sankafuna kuti zilowe m'nyumba zawo. Ndiikepo za nthawi imene ankagwira ntchito, chifukwa zimathandiza kuona kulimba mtima kwawo.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ojambula otchuka ku New York anali anthu ngati Jackson Pollock ndi Mark Rothko, amene zithunzi zawo zinalibe nkhope, zinalibe mtengo kapena nyumba, koma mitundu ndi mizere basi. Kujambula nkhope ya munthu kunkaoneka ngati ntchito yachikale imene kamera inalanda kale. Neel anapitiriza yekha m'nyumba ya lendi ku Spanish Harlem, dera la anthu osauka la mu New York, kumene anakhala kuyambira 1938 mpaka 1962, akujambula ana a pamsewu, amayi oyandikana nawo, olemba, omenyera ufulu wa ogwira ntchito. Anayamba kudziwika ali ndi zaka za m'ma 60. Chionetsero chachikulu cha ntchito zake ku Whitney Museum chinachitika mu 1974, ali ndi zaka 74. Cha ku Metropolitan Museum chinadzabwera mu 2021, mwini wake atagona kalekale.

Achimwene Jambulani, inu amene mumagwira burashi, kulitsani cha Warhol muone m'mphepete mwa mapewa ndi zala. Muona mzere wa buluu. M'zaka zake zakumapeto umu ndi mmene ankayambira: penti wa buluu wosungunula, molunjika pansalu, munthu ali pomwepo. Mzerewo sankaubisa pomaliza. Pankhope pamakhala zobiriwira, zofiirira, zapepo, mitundu imene sungaganize kuti ili pakhungu mpaka utayang'anitsitsa munthu atakhala pafupi ndi windo. Mutu ndi manja amazikulitsa dala. Mpando umene Warhol wakhalapo ndi mizere chabe, bondo lina silinathe n'komwe. Mphamvu zonse anaziika pamene pali nkhani.

Jambulani wa ku Bangwe:
Bondolo ndaliona, ndimayesa chithunzi chinaduka potumiza. Kwa ine kasitomala angabweze kuti ntchito sinathe.

Koma funso limene likundidya ndi ili: ankadya chiyani? Munthu sangakulipire kuti umuonetse kufota.

Wachanco:
Pamenepo ndiye pagona nkhani. Ambiri mwa anthuwa sanapite kukaitanitsa chithunzi. Ndi iyeyo amene ankawasankha, pamsewu, paphwando, pamsonkhano, n'kuwapempha kuti abwere adzakhale. Chithunzi chikatha chinkatsala m'nyumba mwake, moti zinkachita kusanjikizana m'makoma ndi m'tinjira ta m'nyumbamo. M'zaka za m'ma 1930, chuma cha America chitagwa, boma linali ndi ndondomeko ya WPA imene inkalipira ojambula kuti azipereka zithunzi, ndipo iye anali m'menemo mpaka 1943. Itatha imeneyo anakhala zaka zambiri akudalira thandizo la boma la anthu osauka, akulera anyamata ake awiri, Richard ndi Hartley. Ufulu wojambula zimene akuona anaugula ndi umphawi.

Jambulani wa ku Bangwe:
Ndiye kuti ine ndi iwo sitikugwira ntchito imodzi. Ine bwana wanga ndi wojambulidwayo. Iwo analibe bwana, analibenso ndalama. Zandilasa zimenezi.

Nabanda Mzamba:
Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito usiku. Mwana wanga wandithandiza kufufuza zina za mayiwa, ndipo ine zandigwira ndi za amayi oyembekezera.

Pali china cha 1978, Margaret Evans Pregnant. Mayiyo anali ndi mapasa m'mimba. Wakhala pa kampando kakang'ono kachikasu, kosamukwana n'komwe, manja agwira m'mphepete mwa kampandoko kuti asapendekeke. Msana wawongoka mokakamiza. Miyendo yatupa. Maso ali tong'o. Kumbuyo kuli galasi, ndipo nkhope imene ikuoneka m'galasimo ndi ya munthu wokulirapo, wotopa kuposa amene wakhala kutsogoloyu. Ine ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni kuti mayi wa mapasa m'miyezi yomaliza amakhala chonchi ndendende. Sapeza pokhalira pabwino. Kugona chagada sangathe, kupuma kumavuta, ndipo mumtima amakhala akuwerenga masiku ndi mantha amene sauza munthu.

Pamakalendala ndi pamapepala a kusikelo timaona mayi akumwetulira, dzanja pamimba, zonse zili myaa. Mtsikana wa mimba yoyamba akafika miyezi eyiti n'kuona mapazi sakulowa m'nsapato, mitsempha yatuluka m'mabere, mzere wakuda watsika pamchombo, amabwera akulira kuti mwina chalakwika china. Palibe anamuonetsapo.

Sindikunena kuti tizivula azimayi athu n'kumawaika pa Facebook, ayi. Zimenezo kwathu kuno zili ndi malo ake ndi anthu ake, alangizi ndi anamkungwi. Koma wojambulayu sananame, ndipo anayang'ana ngati munthu amene anapitamo.

Nachisale ku Maryland:
Anapitamodi, amayi Nabanda, ndipo mowawa. Anakwatiwa mu 1925 ndi wojambula wa ku Cuba, Carlos Enríquez, n'kukakhala ku Havana. Mwana wawo woyamba, Santillana, anamwalira mu 1927 ndi matenda a pakhosi otchedwa diphtheria asanakwanitse chaka. Wachiwiri, Isabetta, anabadwa mu 1928, ndipo mu 1930 bambo ake anapita naye ku Cuba, kumene anakulira m'manja mwa abale a kuchimuna. Mayiwa mutu unasokonekera, anayesa kudzipha, anagonekedwa m'chipatala nthawi yaitali. Atangoti ayambirenso, mu 1934 mwamuna wina amene ankakhala naye, Kenneth Doolittle, anang'amba ndi mpeni ndi kutentha ntchito zawo zambirimbiri chifukwa cha nsanje.

Ndiye mukaona mmene amajambulira mayi atanyamula khanda, mupeza kuti kawirikawiri mayiyo wagwira mwana molimba kwambiri, maso ali kwina, ngati akuopa kuti wina abwera kudzamulanda.

Nabanda Mzamba:
Mayo ine. Ana awiri, wina kumanda wina kutsidya la nyanja. Tsopano ndamvetsa manja aja.

Tiyamike ku Joni:
Ndawerenga zonse mwakachetechete, koma ndiloleni ndisokoneze pang'ono, chifukwa tikuwayamikira mayiwa ngati kuti onse ojambulidwawo anali ofanana mphamvu.

Warhol anali wolemera, wotchuka. Anavula malaya mwa kufuna kwake, akanatha kuvala n'kutuluka. Mayi wa zaka 80 uja anadzivula yekha. Chabwino. Nanga Carmen? Fufuzani chithunzi cha 1972 chotchedwa Carmen and Judy. Carmen anali mayi wa ku Haiti amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja la Neel. Wajambulidwa bere lili panja, pamiyendo pali khanda lake, Judy, lodwala, lowonda, losatha n'kuyamwa komwe. Mwanayo anamwalira pasanapite nthawi.

Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno. Madamu atandiuza kuti Tiyamike, khala apa, tsegula bulauzi, ndikujambule ndi mwana wako wodwalayo, ndingakane? Pakamwa ndingati inde madamu, ndikumwetulira, chifukwa mwezi ukatha ndikufuna malipiro. Kumwetulira kwa Carmen m'chithunzimo ine ndimakudziwa. Lero zithunzi za mayiwa zikugulidwa ndi ndalama zoti sitingaziwerenge, zili m'nyumba zikuluzikulu. Amene anabwereketsa nkhope zawo ndi mabala awo anapezapo chiyani?

Abambo Mbewe:
Mwana wanga Tiyamike wanena zimene ine ndimalephera kuzifotokoza. Si umaliseche wokha. Ndi funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yonena kuti ayi.

Nachisale ku Maryland:
Achemwali Tiyamike, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilithawa. Za Carmen ndilibe choyankha chokwanira. Wolemba ntchito ndi wolembedwa safanana, ngakhale atakondana chotani.

Chimene ndinganene n'chakuti mayiwa sanali mlendo wobwera ndi galimoto kudzaona osauka n'kubwerera. Anakhala ku Spanish Harlem zaka 24, akukwera masitepe omwewo, ana awo akusewera mumsewu womwewo. Ndipo panthawi imene nyumba zoonetsera zithunzi zinali zodzaza ndi nkhope za azungu olemera, iwo ankatenga nsalu yaikulu yomweyo, penti yemweyo, n'kujambula woyendetsa takisi, mwana wa ku Puerto Rico, mayi wachikuda, mofanana ndi mmene anajambulira meya wa mzinda. Ndikaona chithunzi cha Carmen sindiona munthu wonyozedwa. Ndiona mayi amene akudziwa kuti mwana wake akupita, ndipo wina wakhala naye pansi n'kumuyang'ana m'maso. Mwina n'chokhacho chimene chinatsala chosonyeza kuti Judy anakhalapo padziko.

Tiyamike ku Joni:
Zoti anakhala nawo limodzi ndavomera. Koma onani mayina a zithunzi. Azungu otchuka ali ndi mayina awo onse, Frank O'Hara, Andy Warhol. Tiatsikana tiwiri ta m'chithunzi china cha 1959 tangotchedwa Two Girls, Spanish Harlem. Ndiye pali T.B. Harlem cha 1940. Mnyamata ameneyo anali ndi dzina, Carlos Negrón, mchimwene wake wa mwamuna amene Neel ankakhala naye, tingoti mlamu wake. Koma chithunzi chatchedwa dzina la matenda ndi la dera. Munthu wasanduka chitsanzo.

Nabanda Mzamba:
Chimenecho ndachipeza tsopano. Ambuye. Wagona pabedi, khosi lapendekeka, pachifuwa chakumanzere pali bandeji yoyera yomatidwa ndi pulasitala, dzanja laloza pabalapo. Thupi lapindika ngati mbali imodzi yaphwa. Anamuchita chiyani?

Nachisale ku Maryland:
Anamuchotsa nthiti, amayi. Nthawi imeneyo mankhwala a chifuwa chachikulu kunalibe, streptomycin anadzapezeka mu 1943. Ndiye madokotala ankadula nthiti zingapo kuti phapo lodwalalo lifwaphe, lipume, poganiza kuti litero lipola. Munthu ankatsala wopindika moyo wake wonse. Ndipo matendawa ankasesa kwambiri m'madera othithikana ngati Harlem, kumene mabanja ankapanikizana m'tizipinda topanda mpweya.

Achemwali Tiyamike, apa ndiye ndikuganiza kuti dzinalo anaikira dala. Mayiwa anali wa ndale za kumanzere, oyenda ndi chipani cha Komyunisiti, moti mu 1955 a FBI, apolisi ofufuza a boma la America, anawapitira kunyumba kukawafunsa mafunso. Ankafuna kuti woona chithunzicho adziwe kuti si tsoka la mnyamata mmodzi, ndi mmene dera lonse likukhalira. Koma ndikuvomereza kuti pochita zimenezo dzina la munthu linabisika. Zonse ziwiri ndi zoona.

Ife a ku Malawi chithunzi chimenechi sitifunika wotimasulira. Amene analowapo mu wodi ya TB m'zaka za m'ma 1990 maso amenewo anawaona.

Mlongo wa ku Chipata:
Ine ndangobwera kudzanena za manja. Onani cha 1935 cha Pat Whalen, mtsogoleri wa ogwira ntchito m'sitima za pamadzi. Zibakera ziwiri zili pathebulo pamwamba pa nyuzipepala ya Daily Worker, zazikulu kuposa mmene ziyenera kukhalira. Ukaphimba nkhope n'kusiya manja okha, umadziwabe kuti munthuyu ndi wotani. Yesani ndi cha Warhol, yesani ndi cha mayi wa mapasa uja. Zikugwira ntchito ponseponse.

Abambo Mbewe:
Ndayesa, ndi zoona. Ndapezanso china chimene sindinayembekezere, cha 1953, Last Sickness. Ndi mayi awo owabereka, atakalamba, akudwala, atakhala pampando atavala mkanjo wa mandalasi wa m'nyumba, magalasi ali pamphuno. Avala bwinobwino, palibe chovulidwa. Koma mantha ali pankhope poyera, pakamwa pakhwinyata, mapewa agwa. Chandikumbutsa mayi anga m'chaka chawo chomaliza. Chithunzi chimene tili nacho pakhoma ndi cha kusitudiyo, atavala chilundu chatsopano, wojambula atawauza kuti amwetulire. Ndi chabwino, koma si mayi amene ndinkawadyetsa phala aja. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwana uyu sanawaone mayi ake kuchepa, anawajambula mmene analili ndipo chikondi chikuoneka.

Pa za kudzivula paja maganizo anga sanasinthe. Koma ichi ndikanachipachika.

Jambulani wa ku Bangwe:
Palibe amene wanenapo za choyamba chija, mnyamata wachikuda wogwira chibwano. Ine ndi chimene chimandisowetsa tulo. Nkhope yatha, dzanja lapentedwa pang'ono, koma thupi lonse, mpando, miyendo, ndi mizere yokha pansalu yoyera.

Wachanco:
Ameneyo ndi James Hunter, 1965. Anali ataitanidwa ku usilikali, kuti apite ku nkhondo ya ku Vietnam, ndipo kunali kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke. Anabwera kudzakhala kamodzi. Tsiku lachiwiri sanaonekenso. Neel sanadzaze thupilo ndi za m'mutu mwake, ngakhale akanatha. Anasaina kuseri kwa nsalu n'kunena kuti chatha, ndipo anachionetsa chomwecho ku Whitney mu 1974.

Tiyamike ku Joni:
Anabwerako kunkhondoko?

Wachanco:
Dzina lake palibe pa khoma la ku Washington limene analembapo asilikali a America amene anafera ku Vietnam.

Tiyamike ku Joni:
Chabwino. Apa ndiye ndilibe mlandu nawo mayiwa. Dzina lake analemba, ndipo pamene sanaone sanapeke. Ndikanakonda akanachita chimodzimodzi ndi tiatsikana tiwiri tija. Za Carmen ndikadali pomwe ndinali.

Jambulani wa ku Bangwe:
Achemwali, mawu anu ndawasunga, chifukwa anthu amene ndingawapemphe kuti andikhalire ndi a ganyu, ogulitsa makala, amayi a pamsika, anthu oti ndikawapatsa ya sopo sangakane. Ndiyenera kuganiza bwino mmene ndingapemphere, ndiponso kuti chithunzi chikatha mwini nkhope ayambe wachiona asanachione wina aliyense.

Maoda a makasitomala sindisiya, ana ayenera kudya. Koma ndikufuna ndiyambe kujambula munthu ali pompo, osati kuchokera pafoni. Vuto langa ndi penti. Wa mafuta ndi wodula ndipo sapezeka wamba, ine ndimagwiritsa ntchito akiliriki. Achimwene Wachanco, mzere wa buluu uja ungatheke ndi akiliriki?

Wachanco:
Ungatheke, koma amauma msanga, ndiye mukalakwitsa simungapukute ndi kansanza ngati mmene amachitira ndi wa mafuta. Musungunule ndi madzi ambiri kuti mzere woyamba ukhale wopepuka, wachiwiri ndi umene mutsindike. Yambani ndi mutu, kenako mupeze pamene manja agwera, zina zonse zitsatira. Munthuyo mumukhazike pafupi ndi khomo kapena windo kuti kuwala kuchokere mbali imodzi. Ndipo musamuuze kakhalidwe. Neel ankacheza ndi anthu ake mpaka aiwale kuti akujambulidwa, thupi likhale mmene limakhalira masiku onse, ndiye n'kuyamba. Muzimupumitsa pafupipafupi, kukhala malo amodzi kumapweteka msana kuposa mmene anthu amaganizira.

Nabanda Mzamba:
Mayi Nachisale, cha mnyamata wa TB chija chili kuti? Ndikufuna ndione bwino mmene anamatira bandejiyo, pafoni pano sizikuoneka.

Nachisale ku Maryland:
Chili ku Washington konkuno, ku National Museum of Women in the Arts. Ndikapita pa tsiku langa lopuma, chikakhala kuti chapachikidwa ndikajambula pafupi n'kukutumizirani. Achemwali Tiyamike, inunso ndikufunirani buku limene lili ndi cha Carmen chooneka bwino, tidzapitirize nkhaniyi tonse tikuchiona.